Shuga akachuluka, impso zimabanika

Mwa anthu khumi aliwonse amene ali ndi matenda a shuga, atatu kapena anayi impso zawo zimadzawonongeka, ndipo m'mayiko ambiri palibe nthenda ina imene imagwetsera anthu pa makina osefa magazi kuposa imeneyi. Choopsa chake n'chakuti kuwonongekaku kumayenda mwakachetechete. Munthu samva kupweteka, amakodza monga mwa masiku onse, ndipo pamene mapazi akuyamba kutupa n'kuti impso zakhala zikufooka kwa zaka khumi kapena kuposerapo. Ambirife tikamva zimenezi timaganiza kuti shuga ndi poizoni amene amadya impso, ndiye timathamangira kusaka chochotsa poizoniyo: mavitamini, zitsamba ndi mabotolo olembedwa kuti amatsuka magazi. Koma zimene ofufuza akhala akupeza kwa zaka zoposa 30 zikuloza kwina. Impso ya wodwala shuga imasenzetsedwa ntchito yoposa msinkhu wake, imasakaza mpweya wa okosijeni pogwira ntchitoyo, kenako imabanika. Ngati umu ndi mmene zilili, ndiye kuti chipulumutso chake chagona pa kuipeputsira katundu, ndipo umboni wochokera m'zipatala ukunena zomwezo.

Kuti timvetse bwino, tiyambe ndi impso ya munthu wabwinobwino. Impso zonse ziwiri zimalemera magalamu pafupifupi 300, gawo limodzi chabe mwa magawo 200 a thupi lonse, komabe zimalandira gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi amene mtima umapopa. Impso iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi 1 miliyoni, ndipo kasefa kalikonse kali ndi kampope kake kaatali kopindapinda. Tsiku lililonse timasefati timakhetsera m'timipopemo madzi okwana malita 180, koma mkodzo umene munthu amatulutsa ndi lita imodzi ndi theka basi. Ena onsewo amabwezedwa m'magazi pamodzi ndi mchere woposa kilogalamu imodzi komanso shuga wokwana magalamu pafupifupi 180. Kusefa sikuidyera impso mphamvu zambiri chifukwa mtima ndiwo umakankha magaziwo. Ntchito yakalavulagaga ndi yobweza mchereyi. M'khungu la maselo a timipopeti muli timapampu totulutsa sodiyamu wa mu mcherewo, tomwe Jens Christian Skou wa ku Aarhus m'dziko la Denmark anatulukira mu 1957 ndipo analandira nato mphotho ya Nobel mu 1997. Timapamputi sitiima usana ndi usiku, ndipo mbali yaikulu ya okosijeni amene impso imagwiritsa ntchito amathera pa ito. Mchere wobweza ukachuluka, okosijeni wofunika amachulukanso.

Apa ndi pamene pali msampha. Minofu ya mwendo ikatopa ndi kuthamanga, thupi limaitumizira magazi ambiri ndipo njala yake ya mpweya imatha. Impso siingathandizike mwa njira imeneyo, chifukwa magazi akawonjezeka, zosefedwa zimawonjezeka, mchere wobweza nawonso umawonjezeka. Magazi omwe abweretsa mpweyawo ndi omwenso abweretsa ntchito. Kuwonjezera apo, mitsempha yolowetsa ndi yotulutsa magazi imayenda mogundizana mkati mwa impso, moti okosijeni wina amadumphira mu mtsempha wotuluka asanafike n'komwe kumene akufunika. N'chifukwa chake chigawo chapakati cha impso, chimene madokotala amachitcha medulla, chimakhala ndi mpweya wochepa ngakhale mwa munthu wathanzi. Pa muyeso umene magazi ochokera m'mapapo amakhala pafupifupi pa 100, chigawo chakunja cha impso chimakhala cha m'ma 50, pomwe chapakaticho chimakhala pakati pa 10 ndi 20. Mu 1995 madokotala Mayer Brezis ndi Seymour Rosen anafotokoza mu magazini ya New England Journal of Medicine kuti umenewu ndi mtengo umene thupi limalipira kuti lizitha kusunga madzi potulutsa mkodzo wochepa. Impso ilibe mpweya wapadera wosungira tsiku latsoka.

Ndiyeno kubwere matenda a shuga. Shuga wa m'magazi akakwera, wodutsa m'timasefa amakweranso, ndipo impso, posadziwa kuti thupi lakhuta kale, imalimbikira kumubweza yense. Kuchiyambi kwa kampope kalikonse kuli tizitseko totchedwa SGLT2 timene timabweza magawo pafupifupi 90 pa 100 aliwonse a shugayo, koma sitilowetsa shuga payekha. Nthawi zonse amalowa limodzi ndi sodiyamu, amene timapampu tija tiyenera kumutulutsanso. Vuto lachiwiri limabadwira pomwepo. Kumunsi kwa kampopeko kuli kagulu ka maselo kamene kamalawa mchere wotsala m'madzi odutsa. Mchere ukachepa chifukwa chakuti wambiri watengedwa kumtunda, maselowa amaona ngati kusefa kwachepa, ndiye amalamula kuti mtsempha wolowetsa magazi m'kasefa utseguke kwambiri. Kasefako kamayamba kusefa mopitirira muyeso, shuga ndi mchere wina n'kulowanso, ntchito n'kumangokulirakulira. Kale m'zaka za m'ma 1970, dokotala Carl Erik Mogensen, wa ku Aarhus komweko, anaonetsa kuti anthu ongopezeka kumene ndi matenda a shuga amakhala ndi impso zazikulu komanso zosefa kwambiri kuposa za anzawo. Poyang'ana manambala okha munthu angati impsozo ndi zamphamvu, chikhalirecho ndi chizindikiro chakuti zalemedwa.

Kuchuluka kwa ntchito ndi theka chabe la nkhaniyi. Theka linalo ndi kusakaza. Mphamvu zoyendetsera timapampu zimapangidwa m'tizigawo ta selo totchedwa mitochondria, momwe chakudya chimawotchedwa ndi okosijeni. Pa kuwotchako, okosijeni pang'ono amasanduka tinthu taukali, monga superoxide, timene timaluma chilichonse chimene takumana nacho, kaya ndi mafuta a khungu la selo, mapuloteni kapena DNA. Impso ilinso ndi puloteni yotchedwa NOX4 yambiri, imene ntchito yake ndi kupanga tinthu ta mtundu womwewu. Thupi lili ndi zozimitsira zake, monga superoxide dismutase, catalase ndi glutathione, koma tinthu taukalito tikachuluka kuposa zozimitsirazo pamakhala vuto limene katswiri wa ku Germany Helmut Sies analitcha oxidative stress mu 1985. Mu 2001 Michael Brownlee wa ku New York analemba mu magazini ya Nature kuti superoxide wochuluka chifukwa cha shuga ndiye gwero limodzi la kuwonongeka kwa maso, mitsempha ndi impso mwa odwala shuga. Mu impso, tinthuti timasokoneza kagwiritsidwe ntchito ka mpweya m'njira ziwiri. Timamaliza nitric oxide, amene amatsegula mitsempha komanso amaletsa mitochondria kumwa okosijeni mopanda malire. Timadzutsanso puloteni yotchedwa UCP2 imene imachititsa kuti mphamvu zina zizitayikira panjira. Zili ngati chigayo cha dizilo chimene achiunjikira matumba pomwe lamba wake akuterereka: injini ikulira kwambiri, mafuta akutha, utsi uli tolotolo, koma ufa wotuluka ndi wochepa.

Umboni wogwira mtima wa zimenezi unachokera ku yunivesite ya Uppsala m'dziko la Sweden. Mu 2003 Fredrik Palm ndi anzake analowetsa tizipangizo toyezera okosijeni mu impso za makoswe amene anawadwalitsa shuga. Anapeza kuti mpweya unali wochepa, makamaka m'chigawo chapakati, ngakhale kuti magazi ankayenda bwinobwino. Maselo a timipope anali kumwa okosijeni wambiri kuposa a makoswe athanzi. Makoswe odwala amene anapatsidwa vitamini E kuchokera pachiyambi sanakhale ndi vutoli, kusonyeza kuti tinthu taukali tija tinali pakati pa nkhaniyo. Mu 2013 gulu lomwelo, motsogozedwa ndi Malou Friederich-Persson, linachita china chofunika koposa. Linatenga makoswe athanzi, opanda shuga, n'kuwapatsa mankhwala otchedwa dinitrophenol amene amangochititsa mitochondria kusakaza okosijeni. Shuga wawo sanakwere, kuthamanga kwa magazi sikunasinthe, zizindikiro za oxidative stress sizinaoneke, komabe impso zawo zinabanika, mapuloteni anayamba kutuluka mu mkodzo ndipo timipope tinawonongeka. Mu 2016 anaonetsanso pa mbewa kuti kubanikaku kumayamba m'masiku ochepa shuga akangokwera, mapuloteni asanaoneke mu mkodzo. Tikaika zitatuzi pamodzi, mzere wake ukuoneka: shuga amachulukitsa ntchito, tinthu taukali timachulukitsa kusakaza, ndipo chimene chimagwetsa impso pamapeto pake ndi kusowa mpweya.

Impso yobanika siichira yokha, chifukwa kubanika kumabala kubanika kwina. Mu 1998 Leon Fine ndi anzake ku London anafotokoza mmene zimayendera. Maselo osowa mpweya amaitana maselo olimbana ndi matenda, pamalopo pamachita chipsera, timitsempha ting'onoting'ono tozungulira timipope timafota, ndipo mtunda umene okosijeni ayenera kuyenda kuti afike pa selo umatalika. Timasefa tina tikafa, totsalato timagawana ntchito yonse, ndiye tikulemedwa kuposa kale. Maselo opanga erythropoietin, amene amauza mafupa kuti apange magazi, amakhala pakati pa timipope tomweti, moti akaphimbidwa ndi chipsera munthu amayamba kuchepa magazi, ndipo magazi ochepa amanyamula mpweya wochepa. Pa anthu, zimenezi zayamba kuoneka pogwiritsa ntchito makina a MRI. Mu 2018 ofufuza a ku Lausanne m'dziko la Switzerland anapeza kuti odwala impso amene anali ndi mpweya wochepa m'chigawo chakunja ndi amene impso zawo zinafooka msanga m'zaka zotsatira. Mu 2020 a ku Colorado ku America anapeza kuti achinyamata odwala shuga wa mtundu woyamba, amene impso zawo zinkaoneka zabwinobwino pa mayeso anthawi zonse, anali kale ndi mpweya wochepa mu impsomo poyerekeza ndi anzawo osadwala.

Wowerenga watcheru afunsa kuti, ngati vitamini E anateteza makoswe, bwanji odwala osangomwa mavitamini? Funsoli linayesedwa ndipo yankho lake ndi lomveka. Kafukufuku wamkulu wotchedwa HOPE, amene anatsogoleredwa ku Canada ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2000, anatsata anthu oposa 9,000 kwa zaka zinayi ndi theka, oposa 3,500 mwa iwo odwala shuga. Vitamini E womwa tsiku lililonse sanateteze mtima ngakhale impso. Mu 2010, kafukufuku winanso wa ku Canada anapatsa odwala shuga a impso zofooka mavitamini a gulu la B ochuluka, ndipo impso zawo zinafooka msanga kuposa za amene sanalandire. Kenako panabwera bardoxolone methyl, mankhwala amphamvu odzutsa zozimitsira za m'thupi zija. Anayesedwa pa odwala 2,185 koma kafukufukuyo anaimitsidwa mu 2012 chifukwa ogonekedwa m'chipatala mtima utalephera kupopa bwino anachuluka pakati pa omwa mankhwalawo kuposa pakati pa amene sanamwe. Zifukwa zake si zovuta kuziona. Makoswe aja analandira vitamini tsiku limene matenda anayamba, pomwe anthu amabwera zipsera zitapangika kale. Piritsi lomezedwa silifika mokwanira mkati mwa mitochondria m'mene tinthuto timabadwira ndi kuluma nthawi yomweyo. Komanso thupi limafuna tinthu taukalito pang'ono pophera tizilombo ndi potumiza mauthenga pakati pa maselo. Chachikulu koposa n'chakuti vitamini sachotsa ngakhale kambewu kamodzi ka mchere pa katundu wa impso.

Ena amapitirira pamenepa n'kunena kuti kulephera kwa mavitamini kukutanthauza kuti mfundo yonseyi ndi yolakwika. Ali ndi pogwira. Mu 2013 gulu la Kumar Sharma ku San Diego linayeza impso za mbewa zodwala shuga n'kupeza kuti superoxide anali wochepa, osati wochuluka, zomwe zikutsutsana ndi zimene Brownlee ananena. Amanenanso kuti khoswe si munthu, ndiponso kuti mwina kubanika ndi chotsatira cha impso yowonongeka osati choiwononga. Mawu amenewa ndi oyenera kuwalemekeza, koma sakugwetsa mfundoyi. Superoxide amatha m'kuphethira kwa diso ndipo ndi wovuta kumuyeza, amachokera m'magwero angapo, komanso impso ya matenda ongoyamba imasiyana ndi ya matenda okhalitsa imene mitochondria ake atopa. Mbali zonse ziwiri zikuvomerezana kuti mu impso ya wodwala shuga mitochondria sakugwira ntchito moyenera. Pa funso la chimene chimayamba, makoswe a dinitrophenol aja anaonetsa kuti kusowa mpweya pakokha kungawononge impso yathanzi, ndipo achinyamata a ku Colorado anaonetsa kuti mwa anthu kumabwera zizindikiro zina zisanaoneke. Chimene mtsutsowu watiphunzitsa n'chakuti oxidative stress ndi mphete imodzi ya unyolo, si unyolo wonse, ndipo kudula mphete imodziyo matenda atakhazikika sikukwanira.

Umboni wolemera kwambiri ndi wa mankhwala amene agwiradi ntchito, chifukwa onse ali ndi khalidwe limodzi: amachepetsa ntchito ya impso. Mu 1993 Edmund Lewis ndi anzake anaonetsa kuti captopril amachedwetsa kuwonongeka kwa impso mwa odwala shuga wa mtundu woyamba, ndipo mu 2001 losartan ndi irbesartan anaonetsa zomwezo mwa a mtundu wachiwiri. Mankhwalawa amaletsa angiotensin II, amene amakweza mphamvu ya magazi m'timasefa, amalimbikitsa kubweza mchere ndiponso amadzutsa mapuloteni opanga superoxide. Mu kafukufuku wa HOPE yemwe uja, pomwe vitamini E sanaphule kanthu, ramipril, wa m'banja la captopril, anachepetsa matenda aakulu a impso mwa odwala shuga ndi 24 peresenti. Kenako panabwera mankhwala otseka tizitseko ta SGLT2, amene amalola shuga kutuluka ndi mkodzo. Akatseka tizitsekoto, timapampu timapuma, mchere umafika kwa maselo olawa aja, mtsempha wolowetsa magazi umabwerera m'malo mwake ndipo kusefa mopitirira kumatha. Mu 2019 canagliflozin, poyesedwa pa anthu 4,401, anachepetsa ndi 30 peresenti ngozi yakuti impso zilephere kapena munthu amwalire ndi matenda a impso kapena mtima. Mu 2020 dapagliflozin, pa anthu 4,304, anachepetsa ngozi yotereyi ndi 39 peresenti, ndipo mu 2022 empagliflozin, pa anthu 6,609, ndi 28 peresenti.

Palinso chotsutsa china chimene sitiyenera kuchizemba. Mu 2015 ofufuza anapeza pa makoswe kuti kutseka tizitseko ta shuga kumabweza mpweya m'chigawo chakunja cha impso koma kumauchepetsa m'chigawo chapakati, chifukwa mchere umene sunatengedwe kumtunda umakatengedwa kumunsi. Ndiponso mankhwalawa amateteza impso za anthu opanda shuga, ndiye ena amati chinsinsi chake ndi kutsitsa mphamvu ya magazi m'timasefa basi, osati mpweya. Koma zinthu ziwirizi sizilekanitsika. Kusefa kukachepa, mchere wonse wolowa m'timipope umachepa, ndipo okosijeni wofunika amachepa nawo. Kuchepa pang'ono kwa mpweya kumunsiko n'kumene ofufuza ambiri akuganiza kuti kumadzutsa erythropoietin, pakuti omwa mankhwalawa magazi awo amawonjezeka ndithu, ndipo magazi owonjezeka amanyamula mpweya wambiri. Kaya wina atsindika mphamvu ya magazi kaya mpweya, onse akufika pamodzi: impso imene yapeputsidwa katundu imakhalitsa, pomwe imene yangopatsidwa chozimitsira katundu ali pomwepo siipindula.

Kwa ife kuno nkhaniyi si yapatali. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti 5.6 peresenti ya Amalawi a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga wokwera, ndipo makina osefa magazi a m'zipatala za boma, monga a ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, sangakwanire onse owafuna. Nkhondo ya impso iyenera kumenyedwa zaka zambiri munthu asanafike kumeneko, ndipo zida zake ndi zomwe zimachepetsa katundu kapena kuwonjezera mpweya. Choyamba ndi kutsitsa shuga: kafukufuku wa DCCT wa mu 1993, wa anthu 1,441, anaonetsa kuti kusamala shuga mwakhama kunachepetsa zizindikiro zoyamba za matenda a impso ndi 39 peresenti. Chachiwiri ndi BP, imene mankhwala ake monga enalapril ndi odziwika kale m'zipatala zathu. Chachitatu ndi mchere, umene bungwe la WHO limati usapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo tikumbukire kuti soda wophikira therere ndi timibulu tokometsera ndiwo nazonso zili ndi sodiyamu. Fodya amalanda magazi mpweya. Kuchepa magazi, kaya chifukwa cha malungo kapena zakudya, n'kofunika kukuchiza msanga. Mankhwala opha ululu monga brufen ndi diclofenac amachepetsa magazi opita m'chigawo chapakati cha impso, chomwe ndi chobanika kale, choncho wodwala shuga asamangowagula pagolosale n'kumamwa masiku ambiri.

Chotsala ndi udindo wa okonza zaumoyo ndi wa wodwala mwini. Mu 2021 bungwe la WHO linaika mankhwala a SGLT2 pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambiri, ndipo dziko limene makina ake osefa magazi ndi owerengeka ndi limene likufunika mapiritsiwa kuposa mayiko olemera. Si a aliyense: amatha kuyambitsa matenda a kumaliseche, ndi oopsa kwa ambiri a shuga wa mtundu woyamba, ndipo a banja la enalapril saloledwa kwa amayi oyembekezera, choncho wosankha ndi dokotala. Koma wodwala ali ndi ufulu wofunsa. Aliyense amene ali ndi matenda a shuga ayenera kuyezetsa mapuloteni mu mkodzo ndi creatinine m'magazi kamodzi pachaka, ngakhale akumva bwino, chifukwa mayesowa ndi amene amaulula vuto nthawi yothandizika isanathe. Ndalama zimene mabanja akutayira mabotolo olonjeza kutsuka impso zingagwire ntchito yeniyeni zitapita ku thiransipoti ya ku sikelo ya shuga, ku kuyezetsa, ndi ku mankhwala amene anayesedwa pa anthu zikwizikwi n'kupezeka kuti amathandizadi.